Tambala wa Chitengwa ku Chigwembe cha Ludzu

Inu amene munapitako ku Chigwembe cha Ludzu ndi makamera anu mudzanena kuti kulibe kanthu, ndi miyala yofiira ndi mchenga basi. Nenani choncho. Inu munawerenga zimene analemba pachikwangwani cha pageti: kuti ndi malo otetezedwa, kuti muli mbira ndi zinkhoma, kuti osathyola ngakhale tsamba. Chimene chikwangwanicho sichinena n'chakuti munali anthu mmenemo. Munali mudzi, dzina lake Pamchera, ndipo anthu ake ankamwa madzi okumba mumchenga wa mtsinje wouma uja. Tsono khalani chete mumve za mkamwini wina wa m'mudzi umenewo.

A Bizaliyele Kamwaza anali munthu wouma pakamwa. Moni wawo unali "mwatani", kuthokoza kwawo kunali kutsokomola. Anakwatira ku Pamchera ali mnyamata, nakhala pachikamwini zaka zisanu ndi chimodzi, akulimira eni mudzi ndi kuwakumbira mchera, kachitsime ka mumchenga, mpaka zikhadabo kutha. Mwini mbumba anali a Chikhasu, atsibweni a mkazi wawo, nkhalamba yosayamika. Ukalima mizere makumi awiri, iwo ankaona imene yatsala.

Ndiye linafika tsiku la malole. Akuluakulu ovala mataye anati chigwembecho chikhale cha nyama, anthu atuluke. A Chikhasu anakana kukwera. Anati, "Ine manda a amayi anga sindisiyira anyani." Anatenga ndodo yawo nalowera kumapanga, ndipo palibe anawaonanso. Ena onse anawapakira ngati matumba a chimanga kupita nawo kumalo atsopano. Lole itaima pamphambano kuti dalaivala athire madzi, a Kamwaza anatsika, natsitsa mkazi wawo ndi mtolo wake, n'kulowera njira ya kwawo.

Mwambo mukuudziwa. Mwamuna satenga mkazi kupita naye kwawo ngati wotola nkhuni. Amatuma nkhoswe kwa eni mbumba kukapempha chitengwa, n'kupereka chiongo, kaya nkhuku kaya khasu, eni akewo n'kulola. A Kamwaza sanachite zimenezo. Munthu akawakumbutsa ankati, "Ndikapemphe kwa yani? Kwa waya?" Zinadutsa zaka makumi anayi ndi zitatu.

Mkazi wawo, Anachanza, sanadandaulepo. Anabereka ana asanu, anaika awiri. Anali mayi wansangala, ndipo ndi iwo okha ankatha kuwauza a Kamwaza kuti "khalani chete" iwo n'kukhaladi chete. Koma ukalamba utafika mutu wawo unayamba kutayikira. Anayamba ndi kuiwala mchere m'ndiwo, kenaka mayina a adzukulu. Tsiku lina anayang'ana mwamuna wawo, nafunsa mwaulemu, "Kodi bambo inu, kwanu n'kuti?"

A Kamwaza anapita kuseri kwa nkhokwe nakhalako nthawi yaitali. Atabwerako anatukwana mbuzi imene sinalakwe kanthu.

Kuyambira pamenepo ndi iwo ankawasambitsa, kuwapesa, kuwaphikira phala. Ankachita zonsezi akung'ung'udza. "Yasamulani inu. Ine si nesi." Koma mwana wawo wamkazi atabwera kuti awatenge amayi ake akakhale nawo kutauni, anamuthamangitsa ndi mpini.

Chimene chinawasowetsa mtendere chinali mtolo. M'mawa uliwonse Anachanza ankamanga nsalu zawo ziwiri, chipande ndi kamphika, n'kukhala pakhonde maso ali kumwera. "Atsibweni akundidikira," ankatero. A Kamwaza ankamasula mtolowo madzulo, kukacha n'kuupeza womanga. Kenaka anayamba kupeza mchenga pakhomo. Kwawoko dothi ndi lamakande, lakuda bii. Mchengawo unali wofiira, timiyulu tiwiri ting'onoting'ono, ngati wogwa kumapazi a munthu amene waima nthawi yaitali kudikira kuti amulandire. Ankasesa. Mawa ulipo. Ndipo Anachanza anasiya kudya. Phala ankalikankha mwaulemu, ati kwawo aphika kale.

Atatha masiku anayi osadya, a Kamwaza anati basi. Anati awatengere kuchigwembe akaone okha kuti kulibe munthu, mwina mtima ungakhale pansi n'kuyambanso kudya. M'mawa wa ulendowo anagwira tambala wawo wamawanga, namuika m'dengu, navindikira ndi lichero, namanga ndi luzi.

"Nanga tambalayo ngwa chiyani, bambo?" anafunsa mkazi wa mwana wawo.

"Ngwanga. Ndikukamuonetsa dziko."

Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa lija loti nkhuku zimayenda pakamwa pali yasa. Matola anawatsitsa pamsika womaliza, kuchoka apo n'kuyenda wapansi. Dziko la kumeneko mukulidziwa: tsanya wopanda masamba, milambe ili mbuu, nthaka yong'aluka, osaona ndi dontho lomwe la madzi. A Kamwaza ananyamula dengu, mtolo, ndi zigubu ziwiri za madzi, n'kumakoka mkazi wawo padzanja pang'onopang'ono.

Ali pafupi ndi geti anakumana ndi mayi wina atasenza mtsuko. Anavala nsalu yakuda yomanga m'chifuwa, ija anasiya kuvala kalekale. Mtsukowo unkachita khavukhavu, wodzaza. Mayiyo anapatuka, osagwada, nayang'ana Anachanza.

"Nthambi," anatero. "Wabwera wekha?"

"Ndekha," anayankha Anachanza. "Bambo awa angondithandiza katundu."

Mayiyo anagwedeza mutu napitirira. Sanawayang'ane a Kamwaza ndi diso lomwe, ngati pali chitsa. Iwo anapsa mtima, nafuna kumufunsa ngati kwawo kulibe moni. Ndi pamene anakumbukira kuti dzina lakuti Nthambi linali lapaubwana, ndipo omaliza kulitchula anali a Chikhasu. Anacheuka. Njira inali yowongoka, yoonekera mpaka kutali. Munalibe munthu. Pamene anaima mayiyo panali mapazi awiri onyowa, ndipo ankauma iwo akuona.

"Tiyeni," anatero a Kamwaza, nagwiritsa dzanja la mkazi wawo.

Pageti panali kanyumba kamalata ndi anthu awiri. Wina anali a Sikelo, olemba mayina a alendo m'buku. Winayo anali mlonda wa chigwembecho, mayi wathupi wa zaka ngati makumi anayi, mfuti paphewa, dzina lake Lufina. Ndi amene ankaperekeza alendo, chifukwa munthu salowa yekha.

Tambala analira m'dengu.

"Ameneyo salowa, agogo," anatero Lufina. "Lamulo la muno n'limodzi. Simulowetsa kanthu kokasiya, simutulutsa kanthu."

"Nkhuku zinkalira m'chigwembe muno iwe usanabadwe."

"Zinkalira. Lero ikalira imodzi, ine ntchito yatha. Mundilemba ganyu inuyo?"

"Azungu amalowa ndi agalu."

"Salowa nawo."

"Amalowa ndi nsapato zonunkha kuposa agalu."

Lufina anaseka mpaka kugwira chitseko, koma sanasinthe. A Sikelo anatenga dengulo nalilowetsa kunsi kwa tebulo, natseka kanyumbako ndi loko, kiyi n'kuika m'thumba. Lufina anawauza kuti geti amatseka folo koloko, ndipo m'chigwembemo simugona munthu, ngakhale alonda amene. A Kamwaza anafunsa chifukwa chake. Iye anati, "Njoka," koma ananena akuyang'ana kumbali.

Analowa. Kunena zoona, ngakhale munthu wokwiya amakhala chete akafika pamenepo. Makoma amiyala anaima uku ndi uku, ofiira psuu, atali moti thambo linkangooneka ngati kansalu kopyapyala. Pansi panali mchenga wa mtsinje wakufa uja, wotentha mpaka kudutsa m'nsapato. Mbira zinkasuzumira m'ming'alu. Nyenje zinkalira mosalekeza, kulira kuja kolowa m'mano.

A Kamwaza ankayembekeza kuti awabereka akazi awo. Sizinatero. Mayi amene kunyumba ankalephera kufika kubafa yekha anataya dzanja la mwamuna wake n'kuyamba kutsogola. Ankadziwa poponda. Ankazungulira miyala asanaione. Lufina, woyenda mmenemo tsiku ndi tsiku, ankachita kuthamangira.

"Agogo aakaziwa amamwa mankhwala anji? Mundigawireko."

"Sanadye masiku anayi," anatero a Kamwaza. Lufina sanasekenso.

Anafika pamalo pamene makoma amayandikana. Lufina anati apa ndi pa Mwala Woyankha, pamene alendo amakonda kukuwa. Anaika manja kukamwa nati, "Odiii!" Mwala unabweza, odii, odii, odii, katatu. Anachanza anaseka ngati kamtsikana nati, "Ndafika!" Mwala unabweza, ndafika, ndafika.

"Yesani agogo," anatero Lufina kwa a Kamwaza.

"Zachibwana."

"Yesani, n'zaulere."

A Kamwaza anatsokomola nakuwa, "Odi!"

Zii.

Anakuwanso, mokweza, mpaka mitsempha ya m'khosi kuoneka. Mawu awo anatuluka n'kugwera pamapazi awo pomwepo ngati chikwanje chogwera mumchenga. Mwala sunayankhe. Lufina anawayang'ana, nayang'ana khoma, nasuntha mfuti kuchoka paphewa ili kupita pa linalo.

"Mwina ndi mphepo," anatero. Kunalibe mphepo.

Atayenda pang'ono a Kamwaza anamva ludzu. Anatsegula chigubu chawo, chimene anadzaza okha pamjigo m'mawa ndipo chinali kuwalemera njira yonse. Anachipendeketsa. Munatuluka mchenga wofiira, wouma, ukuyenderera ngati ufa. Chigubu cha Anachanza chinali ndi madzi ake bwinobwino, ozizira ngati a mumtsuko.  Lufina anawapatsa botolo lake osafunsa funso.

Ndiye nyenje zinasiya kulira. Zonse, kamodzi. Dzuwa linali paliwombo, chithunzithunzi cha munthu chitabisala kunsi kwa mapazi. M'bata limenelo anamva, kutsogolo, kuseri kwa khoma: gu. Gu. Gu-gu. Gu-gu.

Aliyense wobadwira kumudzi amaudziwa mtondo wosinja anthu awiri.

"Ndi anyani amenewo," anatero Lufina. "Amagubuduza miyala."

"Anyani ako amadziwa kulandizana musi?"

 Anachanza anali atakhota kale.

Kuseriko chigwembe chimatambasuka, pamakhala bwalo. Ndi pamene panali Pamchera. A Kamwaza anazindikira mlambe wong'ambika pakati, ndi mwala wathyathyathya umene amayi ankayanikapo mphale. Nyumba kunalibe, koma mafuwa analipo, atatuatatu, apa ndi apo, akuda ngati moto wazima dzulo. Mtondo uja unaleka iwo atangotulukira, monga amalekera amayi akaona mlendo. Pansi pa gombe panali mchera wokumba kumene, mchenga wake wonyowa uli pambali, madzi ali mbee. Mwezi wa Okutobala, m'dziko loti mvula inagwa komaliza mu Febuluwale.

"Onani tsono," anatero a Kamwaza. "Onani, Anachanza. Kulibe munthu. Kulibe atsibweni, kulibe nyumba. Mwaona? Tiyeni kwathu mukadye."

Anachanza sanawamve. Anatenga mtolo m'manja mwawo, napita pa mafuwa ena a pafupi ndi mlambe, nagwada, naomba m'manja. Anayamba kupereka moni. Ankatembenukira uku, n'kudikira yankho, n'kuseka, n'kutembenukira uko. "Ine ndili bwino, kaya inu azakhali. Ee, ndakalamba, nanga inu simunasinthe bwanji?" Anapereka moni kasanu ndi kawiri. A Kamwaza anawerenga. Kenaka Anachanza anamasula mtolo uja okha, chinthu chimene sanachitepo kunyumba. Anayala nsalu, nakhazika kamphika pamafuwa, nakhala pansi miyendo tambalale ngati munthu amene wafika.

Anayang'ana a Kamwaza ndi nkhope yachifundo. "Zikomo bambo, mwandiperekeza. Muyende bwino. Mukapereke moni kwanuko."

A Kamwaza anawagwira mkono kuti awadzutse. Mkonowo unali wozizira ngati wa munthu wochokera kumadzi. Anakoka. Kamayi kowonda koti ankakanyamula ndi dzanja limodzi posambitsa kanali ngati mwala womera pansi. Lufina anabwera kudzathandiza, anagwira mbali inayo, anakoka mpaka thukuta. Ngakhale kusuntha.

"Musandipweteke," anatero Anachanza mofatsa. "Ati ndisapitenso."

Apa a Kamwaza anapsa mtima, poti ndi chokhacho ankadziwa kuchita. Anatukwana malole, anatukwana waya, anatukwana ovala mataye amene anaona kuti mbira ndi yofunika kuposa munthu. Anatukwana a Chikhasu, nati nkhalamba yoipa mtima ili moyo, yoipa mtima itafa. Mawu onsewo ankangogwera pansi, makoma osabweza ndi limodzi lomwe. Atatopa anakhala pamwala, akupuma ngati galu.

Lufina anayang'ana wotchi yake. Inali itaima pa thwelofu. Anayang'ana dzuwa, ndipo linali litayamba kupendeka. Mthunzi wa khoma la kumadzulo unkakwawa pabwalopo kulunjika pamene anakhala Anachanza. Anaona kuti milomo ya mayiwo yayamba kutuwa, ndipo mawu awo akumveka patali ngati olankhulira m'nyumba.

"Agogo," anatero Lufina motsitsa. "Ine kwathu ndi kwa eni mbumba ngati kuno. Ndifunse, musanditukwane. Mayiwa pochoka nawo muno, munapempha?"

"Anatithamangitsa ndi malole!"

"Sindikufunsa za malole. Malole anakutulutsani m'chigwembe. Anakuuzani kuti mupite nawo kwanu?"



"Nanga ukuyesa tambala uja ndinamutengeranji?" anatero a Kamwaza. "Iwe n'kumutsekera m'kanyumba kako."

Lufina anagwira pakamwa. "Mukanandiuza."

"Ndikanakuuza kuti chiyani? Kuti ndikukapereka nkhuku kwa anthu akufa? Ukanalemba m'buku?"

Anadzuka kuti apite kumafuwa kuja akalankhule. Lufina anawagwira malaya.

"Mukupita kuti? Mkamwini amadzinenera yekha? Ndi mwano womwewu akukukanirani. Vulani chipewa, mukhale uko, chammbali. Musawayang'ane kumaso."

"Nkhoswe ndiitenga kuti m'chipululu muno?"

Lufina anavula mfuti naitsamiritsa pamlambe. Anavula chipewa cha ntchito, anamasula nsapato zake zazikulu zija. Anapempha nsalu yachiwiri ya Anachanza namanga pamwamba pa thalauzi. "Mukadzanena kuofesi, ndidzakana," anatero. Anayenda chogwada pamchenga wotenthawo mpaka patsogolo pa mafuwa, naomba m'manja mwachikazi, pang'onopang'ono.

"Odi eni mudzi. Ine ndine Lufina, ndimayenda pabwalo panu pano tsiku ndi tsiku osapereka moni, mundikhululukire, sanandiuze. Lero ndatumidwa ndi a Kamwaza, mkamwini wanu ali apoyo. Akupempha chitengwa. Akuti mwana wanu Nthambi akakhale naye kwawo. Achedwa kupempha, akudziwa."

Palibe chinamveka. Koma batalo silinali la malo opanda anthu. Linali bata la anthu ambiri amene akumvetsera.

Anachanza anapendeketsa mutu ngati wina akuwanong'oneza. "Ati chiongo chili kuti?"

"Chatsala pageti," anatero Lufina. "Ndachiletsa ndine. Ndi lamulo la ntchito."

Anachanza anamvetseranso. "Ati lamulo limenelo sakulidziwa. Ati mwini wake anene yekha, poti pakamwa ali napo papakulu."

Mthunzi uja unali utafika pamapazi a Anachanza.

A Kamwaza anatsika pamwala nagwada. Mawondo awo analira. Chipewa anachiika pansi, maso anayang'ana kumbali monga ayenera mkamwini.

"A Chikhasu," anatero. "Ndine Bizaliyele, uja munkati waulesi. Ndinaba. Ndavomera. Ndinatsika naye pamphambano osauza munthu, chifukwa ndinali nditatopa nanu, ndipo ndisaname pamaso pa akufa, mpaka lero sindikukondani. Koma mwana wanuyu sindinamumenyepo. Sanagonepo ndi njala ine nditadya. Chaka cha njala yaikulu ndinagulitsa njinga, mufunseni. Ayi, musamufunse, waiwala."

Anapitiriza.

"Pano sandidziwa. Amanditcha bambo inu. Zilibe kanthu, ine ndimamudziwa. Phala lake safuna lamadzimadzi. Shuga mumawaza pamwamba osavundula, apo ayi sadya. Akamasamba amaopa madzi kumaso, mumayamba ndi kumsana. Akadzidzimuka kutulo mumamugwira chala chaching'ono, amagonanso. Kuno adzamuchitira ndani zimenezo? Inu muli naye nthawi yaitali kutsogoloku, yosatha. Ine ndatsala ndi pang'ono. Sindikuti mundipatse. Ndibwerekeni."



Kenaka, kuchokera kukhoma la kummawa, mawu a nkhalamba yosasa anabwerera: ndibwerekeni. Khoma linalo linalandira: bwerekeni. Ndi kutali, kumapanga kuja: bwerekeni. Anali mawu a a Kamwaza omwe. Chigwembe chinali chitawamva.

Anachanza anaseka, kuseka kwawo kwakale kogwira m'mimba. "Ati mukadali wamwano. Ati tengani, koma mwabwereka, mukumbukire. Ati tambala wake ngwowonda."

Nyenje zinayamba kulira, zonse kamodzi.

Anachanza anaphethira ngati wodzuka kutulo. Anayang'ana mlambe, anayang'ana mayi wovala nsalu pamwamba pa thalauzi, kenaka anayang'ana nkhalamba yogwada pamchenga, dazi lili ng'aa padzuwa.

"A Kamwaza," anatero. "Chipewa mwavuliranji padzuwa lonseli? Mukufuna mudwale kuti ndivutike ndine?"

Zinali zitatha zaka ziwiri asanatchule dzina limenelo. A Kamwaza anatola chipewa, nachivala mpaka kuphimba maso. "Khalani chete inu," anatero.

"Khalani chete ndinu. Ndidzutseni."

Anawadzutsa ndi dzanja limodzi. Anali opepuka ngati mtolo wa udzu, ndipo mphamvu zija zinali zitatha, moti pobwerera anachita kuwabereka, iwo ndi Lufina kulandizana. Podutsa pa mchera paja a Kamwaza anasuzumira. Munali mchenga wouma, ndi chikumbu chakufa. Kamphika kanatsala pamafuwa. Lufina anakaona, nayang'ana kumwamba ngati pali mbalame yachilendo.

Anafika pageti dzuwa litapendeka, a Sikelo akuyendayenda ndi loko m'manja. Anatsegula kanyumba kaja natulutsa dengu. Atangolinyamula anaima.

"Lapepuka bwanji?"

Luzi linali lomanga, mfundo zake zomwe zija za a Kamwaza. Lichero linali pamalo pake. Anamasula. Munalibe tambala. Munalibe ndi nthenga yomwe. Munali kamulu ka mchenga wofiira.

"Ine sindinatsegule!" anatero a Sikelo. "Kiyi nayu, sanachoke m'thumba. Ndilumbire? Ine nkhuku ya munthu sindidya, ndine wa mpingo!"

"Palibe wakunenani," anatero a Kamwaza. "Eni ake atenga." Anakhuthulira mchengawo mkati mwa geti, nayang'ana Lufina. "Sinditulutsa kanthu. Lamulo."

Kenaka anatsokomola kawiri. Lufina anali atawadziwa tsopano, ndipo anati, "Zikomo nanunso, agogo."

Atafika kunyumba Anachanza anadya phala mbale yonse, nadandaula kuti shuga wachepa. Musaganize kuti mutu wawo unachira. Zimenezo ndi za m'mafilimu. Masiku ena ankawadziwa a Kamwaza n'kuwakalipira za ndevu, masiku ena ankabwerera ku "bambo inu". Koma mtolo sanamangenso. Kumwera sanayang'anenso. Pakhomo panali dothi lakuda lokhalokha.

Lufina anabwera kamodzi kudzawaona, ndi paketi ya shuga. Anati kuyambira tsiku lija, dzuwa likafika paliwombo, m'chigwembe mumalira tambala. Alendo amakamera amafunsa kuti ndi mbalame yanji. Iye amawauza kuti ndi yosowa kwambiri, imapezeka kumeneko kokha, ndipo iwo amalemba m'timabuku tawo. Anthu ophunzira! Anatinso masiku ano akafika pa mlambe uja amavula chipewa n'kupereka moni.

"Akulira bwino?" anafunsa a Kamwaza.

"Mawu ake anenepa."

"Ndiye akumudyetsa. Ankati ngwowonda."

Zinagwa mvula ziwiri. M'mawa wina wa mwezi wa Okutobala a Kamwaza anatsegula chitseko, phala lili pamoto. Pakhomo panali timiyulu tiwiri ta mchenga wofiira.

Anaima nthawi yaitali akutiyang'ana. Tsache linali pomwepo, pafupi ndi dzanja lawo. Sanalikhudze. Analowa m'nyumba, natenga mphasa yatsopano ija ankasungira alendo, naiyala pakhonde pamthunzi. Anavula chipewa, maso n'kuyang'ana kumbali.

"Ndakuonani, apongozi," anatero. "Sindikana, ndinabwereka. Khalani pamphasa. Adye kaye."

Analowa, napakula phala, nawaza shuga pamwamba osavundula.